Akaunti Imene Anafufuta

Wamawaya anatseka chipinda cha seva mlonda atayamba kale kuliza mkonono. Dzinali anamupatsa ndi aphunzitsi a pakolejipo. Dzina lake lenileni palibe ankavutika nalo, poti ankamukumbuka kompyuta ikavuta basi. Ndipo tsiku limeneli zinavuta zonse.

Mphunzitsi aliyense anali ndi foda yakeyake pa seva, kompyuta yaikulu yosunga zolemba za koleji yonse, ndipo ankaipeza fodayo pa kompyuta iliyonse imene wakhalapo. Koma tsiku lonse aliyense akati atsegule foda yake, kompyuta inkangoyankha kuti alibe chilolezo. Mayeso a mawa lake anali m'mafoda momwemo. Mkulu wa koleji sanachulutse mawu.

"Zikapanda kutseguka pofika m'mawa, mudzandisiyire makiyi patebulo."

Anayesa zonse. Anazimitsa seva n'kuiyatsanso, anasintha waya, wakaleyo n'kungomukoleka pakhosi, anafufuza zilolezo foda ndi foda mpaka maso kuwawa. Zinakanika ndithu. Mabasi anali atasiya kuyenda, ndiye anauyamba wapansi, mutu ukulemera ngati wasenza njerwa. Mkazi wake anali atatopa kuimba foni. Iyenso anali atatopa kunama kuti watsala pang'ono.

Msewu unali zii. Atafika pamlatho anaona bambo wina atatsamira chitsulo cha m'mbali, waya wabuluu ali lende pakhosi.

"Mwaweruka mochedwa, achimwene," anatero bamboyo.

"Ntchito, bambo."

"Inenso ndinkaweruka nthawi ngati ino."

Wamawaya anapitiriza ulendo. Bamboyo anayenda naye pambali. Koma nsapato zimene zinkamveka pamlathopo zinali za munthu mmodzi... Wamawaya anaima. Anamvetsera. Madzi okha pansi. Anayendanso. Nsapato zake zokha!

"Mwanditsekera kunja," anatero bamboyo. M'mawu akewo munalibe mkwiyo, munali kutopa kokha. "Ndimalowa usiku uliwonse kukaona ngati zonse zili bwino. Lero seva yandikana."

Wamawaya anayang'ana kumbali, koma bamboyo anapitiriza.

"Mafoda onse aja amatsegukira m'dzina langa. Ndinangolumikiza mongoyembekezera, ndinati ndidzakonza bwino Lolemba. Lolembalo silinafike. Ndibwezereni, achimwene. Ndatopa kuima pano."

Apo Wamawaya anakumbuka. M'mawa uja, pofuna kuoneka wakhama poti anali watsopano pantchito, anafufuta akaunti ina yakale ya pa seva imene ankaona ngati ikungodzaza malo. Sanafunse munthu. Anacheuka kuti afunse dzina...

Panalibe munthu.

Sanathamange. Kwawo kunali kutsogolo, koma anatembenuka n'kubwerera kukoleji. Anaipeza akaunti ija pa zimene seva inasunga dzulo lake, n'kuibwezera m'malo mwake. Anayesa foda yoyamba. Inatseguka. Yachiwiri inatsegukanso. Anagwetsa mutu patebulo, tulo n'kumutenga pomwepo.

Amene anamudzutsa anali mlembi wa koleji, mayi amene anakalambira pantchitoyo. Anali atasindikiza kale mayeso.

"Mwapulumuka, mwana wanga. Chinavuta n'chiyani?"

Wamawaya anawafotokozera za akaunti ija. Za pamlatho sanatchule.

"Munafufuta imene ija?" Mayiwo anakhala pansi pang'onopang'ono. "Ija sitiikhudza. Aliyense pano amadziwa, kungoti tinaiwala kukuuzani. Ndi ya bambo amene ankagwira ntchito yanuyi kale. Munthu wosadziwa kuweruka. Tinkawaseka kuti waya wabuluu ndiye tayi yawo, poti sankachoka pakhosi."

"Panopa ali kuti?"

"Galimoto inawagunda pamlatho paja, akuchokera kuno usiku. Papita zaka zambiri. Linali Lachisanu. Akazi awo anawadikira ndi chakudya patebulo mpaka kunacha."

Wamawaya anagwira pakhosi pake. Waya amene anasintha dzulo anali akadali pomwepo, wabuluu. Anamuvula msangamsanga n'kumuponya pansi. Patebulo foni inayamba kulira. Anali mkazi wake.

"Ndikubwera," anatero. "Ndikubwera panopa."