Miyala Isanu, Mlatho Palibe

Moni ana anga okondedwa. Ndikuthokoza Mulungu amene watisunga ndi moyo kufikira lero kuti tikumane pa tsamba lino.

Tsiku lina masana, mtsikana wina analowa mu shedi ya bambo ake matope ali chuchuchu kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Bambowo anali mmisiri wozokota malemba pa miyala. Anali atawerama pa mwala wosalala, waukulu ngati chitseko, nyundo ili m'manja.

"Ndagweranso m'ngalande muja, bambo," anatero mtsikanayo. "Mawa tikuyamba mayeso, ndipo ahedi anena kuti wochedwa asavutike n'kugogoda."

Ngalandeyo inali pakati pa nyumba zawo ndi sukulu, ndipo kuzungulira kumsewu waukulu unali ulendo wa maola atatu. Boma linalonjeza mlatho mtsikanayu asanamere mano. Bwana woyamba anabwera ndi mdipiti wa magalimoto, navundukula mwala wa maziko wokhala ndi dzina lake. Anamanga tizipilala tisanu ndi kamodzi m'madzimo, kenaka anamusamutsa. Wachiwiri anati sangamalize ntchito yoti atamandidwe nayo mnzake, choncho analamula pulani yatsopano. Wachitatu anafuna mlathowo ukhale kumtunda, pafupi ndi golosale ya mlamu wake. Wachinayi anakhazikitsa komiti yofufuza chifukwa chake komiti yakale sinkakumana. Tsopano kunali kutabwera wachisanu, ndipo mwala wa wachinayiyo unali utazulidwa kale. Aliyense ankazula mwala wa mnzake n'kuika wake, ndipo yozulidwayo inkabwerera mu shedi ya mmisiri. Inayi yonse inali itatsamira khoma, akangaude atamangapo nyumba. Akangaudewo okha ndiwo anamaliza ntchito yomanga.

Mtsikanayo akufinya siketi yake, panalowa kalaliki wa ku ofesi ya zomangamanga, amene anthu anamupatsa dzina loti a Bweranimawa.

"Amisiri, dzina la bwana watsopano mwalikulitsa?" anafunsa kalalikiyo. "Akufuna lipose maina onse akale. Mwambo uli mawa."

"Nanga mlathowo uyamba liti?" anafunsa mtsikanayo.

"Iwe mwana, boma silithamanga ngati nkhuku yothiridwa madzi. Pali ndondomeko."

"Ndondomekoyo imatha kusambira? Indibereke mawa."

"Chete, mwanawe," anatero mmisiri. Koma kalaliki atatuluka, mawu a mwanayo anamukhala mmisiri pamtima ngati munga. Anayang'ana mapazi a mwana wake, ong'ambika ndi mabotolo osweka a m'ngalande. Anayang'ananso malemba amene anali atangowapaka utoto wagolide. Zaka zonsezi ankadya za miyalayi, akudzitonthoza kuti iye ndi wolemba chabe. Tsopano anadziona ngati munthu wopaka njereza pa manda, kunja kuwale m'kati muli mafupa okhaokha.

"Kaitane amalume ako ndi anzawo," anatero. "Abwere ndi ngolo."

Dzuwa lisanalowe, amuna asanu ndi awiri anali m'madzi ofika m'mawondo. Anayala miyala inayi ija pamwamba pa tizipilala, umodzi kutsogolo kwa unzake, n'kuimata ndi simenti imene mmisiri anasungira khonde lake. Koma panatsala mpata umodzi, pomwe madzi ankathamanga kwambiri.

"Alamu, patsala pamodzi," anatero amalume a mtsikanayo. "Ana sangalumphe apa."

Mmisiri anayang'ana cha ku shedi yake. Ankadziwa kuti akapereka mwala wachisanu, ku ofesi kuja sadzamupatsanso ntchito. Anang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, mtima unakhazikika, kenaka anati, "Tiyeni tikautenge. Utoto wauma."

M'mawa kutacha, a Bweranimawa anafika ndi lole yodzaza mipando ndi matenti. Anapeza ana a sukulu akuwoloka pamzere, nsapato zili gwa gwa gwa pa malemba agolide.

"Amisiri! Mwala wa bwana uli kuti?"

"Uli pa ntchito, achimwene."

"Mwapenga? Ana akuponda dzina la bwana! Ndikamuuza chiyani?"

"Kamuuzeni kuti lero lokha dzina lake lathandiza munthu. Akafuna kuliwerenga, adikire ana awoloke kaye."

Kalaliki anaima pakati pa njira, maso ali pa mwala wa bwana wake. Amayi ena amene ankawoloka ndi dengu pamutu anamukodola, nati, "Tapatukani, bambo. Mukafuna kudandaula, bwerani mawa."

Anthu anaseka, koma mmisiri sanaseke nawo. Maso ake anali tsidya lina, kumene mwana wake anaima, yunifolomu ili youma, cholembera chili m'manja. Mtsikanayo anakweza dzanja, belu loyamba linalira, ndipo analowa pageti nthawi isanakwane.

Ambuye akudalitseni, ana anga. Alimbitse manja anu kuti chimene mwayamba muchimalize, ndipo pamadzi alionse amene mudzawoloke, phazi lanu lisaterereke.