Vasemaca Atchula Mtengo

Vasemaca anali mtsikana wolota masana. Atamaliza sekondale ku Savusavu, ankakhala pakhonde ndi kompyuta yakale, maso ali kunyanja, n'kumadziona ali mu ofesi yamagalasi mumzinda waukulu wa Suva. Luso lokonza masamba a pa intaneti analidi nalo, ndipo anali atasunga kandalama kokayambira koleji mumzindawo. Chimene chinkamuvuta ndi kutchula mtengo.

Oyamba kumupatsa ntchito anali amalume ake, a Waisake, amene ankayendetsa alendo paboti. Tsamba lawo linatuluka lokongola, boti loyera likuyandama pamadzi obiriwira ngati lili m'malere. Atamufunsa kuti alipire zingati, Vasemaca anangozyolika. Mwana angatchule bwanji ndalama kwa amalume ake? Anati amupatse chimene mtima wawo wakonda.

Mtima wa amalume unakonda nsomba ziwiri. Mbiri inawanda m'mudzi monse, ndipo m'bale akapempha sakanizidwa. Mtima wa azakhali ake a Litiana, osoka madiresi, unakonda mkeka, pamene wa abusa unakonda pemphero lalitali. Koma kampani yosunga masambawo pa intaneti inkafuna ndalama zake mwezi ndi mwezi, ndipo siidya nsomba. Vasemaca ankangotapa pa ndalama za koleji zija, akudzitonthoza kuti mawa zisintha, mpaka zinatsala zosakwanira n'komwe.

M'mawa wina masamba onse anazima chifukwa kampani ija sinalipidwe. Alendo ofuna boti la a Waisake anakakwera la ena. Vasemaca anapita kugombe ali ndi manyazi aakulu, nakhala pansi pamchenga, n'kufotokoza zonse misozi ikulengeza.

"Nanga miyezi yonseyi unkalipira ndi chiyani?" anafunsa amalumewo.

"Ndi za koleji, amalume."

A Waisake anamuyang'ana, chingwe cha boti chili m'manja. Zinawapweteka kwambiri.

"Iwe mwana, wandisandutsa wakuba ine osadziwa. Munthu asanakwere boti ili ndimamuuza mtengo, kaya ndi mlamu wanga. Petulo alibe chibale."

Anamuuza kuti akawerengere bwino zimene amawononga, osaiwala nthawi yake, ndipo iwo adzakhala oyamba kulipira.

Mawa lake kunabwera a Litiana kudzafunsa za tsamba lawo. Vasemaca anatchula mtengo wake. Azakhali anagwira pakamwa. Anati ana amasiku ano ulemu adaugulitsa, anakumbutsa za matewera amene anamuchapira ali khanda, kenaka ananyamuka osatsanzika. Mtsikanayo anatsala pakhonde akuopa kuti wataya ntchito ndi chibale chomwe.

Dzuwa litapendeka anawaona akubwerera. Azakhaliwo anamasula kansalu n'kumuikira theka la ndalamazo pamiyendo, nkhope ili gwa.

"Zotsalazo ubwere udzatenge Loweruka," anatero. "Koma poti tsopano ndikulipira, chithunzi changa chija uchichotse. Unandijambula ngati gogo."