Munthu wa Chipewa Chachikasu

Anouar anawerenga pepala la mayina katatu. Pa achinyamata asanu olembedwa ntchito pafakitale ya feteleza ya mumzinda wa Safi, dzina lake panalibe.

Zinamuwawa, chifukwa pamaphunziro a ntchitoyo palibe ankamuposa liwiro. Kwa miyezi itatu ankavala magalasi a kompyuta, aja ukangowavala umapezeka uli pakati pa mapaipi a asidi ngati zenizeni. M'menemo munali wantchito wongojambulidwa, wa chipewa chachikasu, wogwada pansi pa paipi yaikulu. Lamulo linali loti usanatsegule paipiyo, umuitane kaye pawailesi kuti achokepo. Anouar ankati n'kutaya nthawi. Ankangotsegula, wachipewayo n'kugwa, iye n'kufa nalo phwete.

"Wamuphanso, aise!" anzake ankatero.

"Aaa, musiyeni, adzuka mawa!"

Atawerenga pepalalo analunjika kwa mphunzitsi wawo, a Larbi, ndipo anawapeza akuthira tiyi.

"Bambo, mwalakwitsa. Mwasiya ine n'kutenga Nezha, woyenda ngati kamba uja?"

"Khala pansi, mwana wanga," anatero a Larbi. "Nezha sanatsegulepo paipi munthu ali pansi. Iwe wamuthira asidi kakhumi ndi kamodzi. Kompyuta imasunga zonse."

"Koma si munthu! Ndi chidole basi!"

A Larbi anapinda mkono wa malaya awo, umene sankaupinda ngakhale dzuwa liswe mtengo. Khungu lonse linali lokwinyika ngati pepala lopsa.

"Okonza magalasi aja anadzafunsa ine mmene ngoziyo inachitikira. Chipewa chija chinali cha Mounir, mlamu wanga. Wotsegula paipi ndinali ine, ndinkathamangira basi yobwerera kunyumba. Iyeyo sanadzuke mawa lake."

Anouar anasowa poyang'ana. Anakumbukira kuti nthawi zonse akamaseka, bamboyu ankaima kumbuyo kwake, maso ali pakompyuta. Manyazi anamugwira.

"Ndiloleni ndivalenso magalasi aja kamodzi kokha, bambo."

Anamulola. Atafika papaipi ija, anatenga wailesi n'kunena kuti: "A Mounir, chokanipo, ndikufuna kutsegula." Wachipewa chachikasu anadzuka, n'kukweza dzanja, n'kumapita.

Atavula magalasi anapeza a Larbi akupukuta misozi. Potuluka anadutsanso pa pepala lija. Mayina anali asanu omwe aja.