Nkhope ya Ambuya Ignatius

"Nanga maso a ambuya apita kuti?" anafunsa Chichi.

Atate ake, a Lighton Zulu, anavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, n'kuwavalanso. Anti Jenala, mlongo wawo wa a Lighton, anangogwira pakamwa. Pa sikirini yaikulu imene inaimikidwa mu holo ya tchalitchi chawo ku Chifubu panali maluwa oyera ndi zilembo zagolide, zonse zooneka bwino. Pakati pa maluwawo panali chipewa cha mumgodi cha nyali yopendekeka, ndipo kunsi kwa chipewacho kunali timabokosi takuda ndi tabulauni, tosanjikizana ngati njerwa. Nkhope panalibe.

Linali Lachitatu masana. Loweruka lake banja lonse linkakumana kudzavundukula chiliza cha ambuya Ignatius, bambo wawo wa a Lighton, amene anagwira ntchito mumgodi ku Kitwe zaka makumi atatu. Pochokera kumanda anthu ankayenera kusonkhana mu holomu, nkhope ya malemuwo n'kuwalandira pa sikirini. Ntchito yokonza chithunzicho Chichi anachita kuipempha yekha. Anali giredi 11, ndipo pa msonkhano wa banja anaimirira n'kunena pamaso pa akuluakulu onse kuti za zithunzi palibe womuposa. Pa foni yake chithunzicho chinkaoneka bwino, moti anti Jenala atachiona koyamba anagwetsa msozi.

"Sikirini iyi ndi yakufa," anatero Chichi. "Pa foni panga zili bwinobwino. Onani!"

Mwini wake wa sikiriniyo anali atagwada kuseri, akumanga mawaya. Dzina lake anali Purity, mtsikana wa kashopu kena pafupi ndi msika wa Chifubu, amene ankabwereketsa masikirini ndi masipika pa maukwati ndi pa maliro. Chichi anali atamuona m'mawa akutsitsa yekha sikiriniyo m'galimoto, anyamata awiri a kwaya akungomupatsa malangizo manja ali m'thumba. Purity anadzuka, n'kudzisasa fumbi m'mawondo. Sanatsutse chilichonse. Analumikiza foni yake, ndipo pa sikirinipo panabwera mkwatibwi wina, mkanda uliwonse wa m'khosi mwake ukuwerengeka.

"Yauka," anatero anti Jenala chapansipansi.

"Bwera nayo foni yako, mwaiche," anatero Purity, akumutchula kuti mng'ono wake mu Chibemba. Anatsegula chithunzi cha ambuya chimene Chichi anachiika pakati pa maluwa, n'kudina pamene pamalembedwa zambiri za chithunzicho. "Werenga apa."

"340 ndi 260."

"Amenewo ndi mapikiselo, timadontho timene timapanga chithunzi. 340 chopingasa, 260 chotsika." Anatenga rimoti n'kutsegula zoikamo za sikirini. "Nanga apa?"

"1920 ndi 1080."

"Sikirini iyi ikufuna timadontho tochuluka chonchi kuti idzaze. Iwe waipatsa tochepa, ndiye yatikoka kuti tikwanire. Nsalu ya khanda ukaikokera pa bedi la akulu, ulusi umaonekera umodziumodzi. Foni yako ndi ya m'manja, imabisa zambiri. Usanalonjeze munthu chithunzi uziyamba wafunsa kuti chikaonekera pati, kenako uone manambala a mbali zonse ziwiri."

Ananena zimenezi mosakweza mawu ndiponso mosayang'ana a Lighton, ngati kuti nkhaniyi inali ya awiriwo basi. Chichi anaona zimenezo, ndipo manyazi ake anachepako pang'ono.

"Koma mwana wanga, simungachiwalitse ndi kompyuta?" anafunsa anti Jenala. "M'mafilimu apolisi amangodina kamodzi, nkhope ya wakuba n'kuonekera."

"Alipo mapulogalamu opeka nkhope, mayo," anayankha Purity. "Akupatsani mdala wokongola, wa mano onse. Kungoti sakhala atate anu. Ine zimenezo pa maliro sindichita."

Kenako anafunsa kumene chithunzicho chinachokera, ndipo anachilondola ngati namwino wofufuza kumene matenda anayambira. Chichi anachitenga kwa atate ake. Atate ake anachilandira kwa anti Jenala pa gulu la banja la pafoni. Anti Jenala anachita kujambula sikirini ya foni yawo pamene msuweni wina, Clive, anachiika pa sitetasi. Clive naye anachijambula zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo chili pakhoma, ataima pakhomo, kunyumba kwa ambuya Philomena, mlongo wawo wa malemuwo, ku Mindolo ku Kitwe, n'kudulapo nkhope yokhayo.

"Paliponse pamene chadutsa chasiyapo timadontho," anatero Purity. "Chenicheni chili pakhoma ku Mindolo."

A Lighton anaseka mopanda chimwemwe. "Anti Philomena? Chithunzi cha achimwene awo sangachitulutse m'nyumba ngakhale mutapita ndi bishopu."

"Sichifunika kutuluka," anatero Purity. Anang'amba kapepala pa katoni ya mawaya n'kulembapo. "Uchichotse m'galasi. Uchigoneke pafupi ndi windo, koma osati padzuwa. Fulashi uzimitse. Lenzi uipukute. Ujambule chonse, osadula, osakoka ndi zala. Ukatha usanditumizire pa gulu lililonse. Ubwere nayo foniyo kuno m'manja."

M'mawa mwake Chichi anakwera minibasi ya ku tauni, n'kukwera ina ya ku Kitwe. Njira yonse ankangotsegula zithunzi za m'foni mwake chimodzichimodzi n'kumaona manambala ake. Zimene anajambula yekha zinali 4000 ndi 3000. Zimene analandira kwa anzake zinali zochepa kwambiri, zina zosafika n'komwe 500. Zaka zonsezi manambalawo anali pomwepo, iye osawayang'ana. Mayi wina amene anakhala naye pampando, atanyamula thumba la kapenta, anasuzumira n'kumufunsa mu Chibemba ngati akuwerengera mayeso. Chichi anati inde.

Ku Mindolo nsanja za mgodi zinkaonekera pamwamba pa madenga. Ambuya Philomena, mlongo wawo wa malemu Ignatius, anali pakhonde akusankha nyemba. Foni yawo inali ya mabatani, yomangidwa ndi labala, ndipo za gulu la banja ankangozimva kwa anthu.

"Mwana wa Lighton! Wabwera kudzaona ngati ndafa, kuti muvundukule ziwiri pa mtengo wa chimodzi?"

"Iyayi ambuya, ndabwera kudzakuonani."

"Bodza. Khala pansi."

Chichi anawafotokozera nkhani yonse. Kenako ambuyawo analowa m'nyumba, n'kuloza pakhoma pamwamba pa kabati, pambali pa mtanda. Chichi anakwera pampando n'kutsitsa felemu yolemera. Ambuyawo anakana kuti aigwire kumbuyo. Anapinda okha timisomali ndi mpeni, n'kutulutsa chithunzicho ngati akutulutsa dzira pansi pa nkhuku.

Pa chithunzipo panali anyamata awiri, onse ovala zipewa za mumgodi, atakolekerana manja m'mapewa. Wina anali wamtali, nyali ya pachipewa chake itapendekeka. Winayo anali wamfupi, akuseka. Chichi anaizindikira nyali yopendekekayo nthawi yomweyo. Anachita zonse za pa kapepala ka Purity: windo, fulashi, lenzi, chithunzi chonse. Atatha anati awonjezere china cha pafupi, ndipo anasendeza foni pa nkhope ya wamtaliyo.

"Nanga Mwamba ukumujambuliranji yekha?" anafunsa ambuya Philomena.

"Ndani?"

"Mwamba. Mnzawo wa achimwene, wa ku Kasama. Ankagona chipinda chimodzi asanakwatire. Apa n'kuti atangotuluka pansi tsiku lawo loyamba." Anagogoda ndi chala pa wamfupi uja. "Ambuya ako ndi awa."

Chichi anatsegula foni yake. Anatulutsa chithunzi cha maluwa chija n'kuwaonetsa. Ambuyawo anachitalikitsa, kuchiyandikitsa, kenako anayang'ana nyaliyo.

"Mayo ine! Ndiye mwalemba kuti chiyani apa?"

"Usani mumtendere, atate athu okondedwa."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chilichonse, ambuya. Pa tsiku limene anamwalira aliyense amaika pa sitetasi. Adadi ndiwo amayamba."

Ambuya Philomena anakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola. "Mwamba ali moyo! Ali ku komboni ya Chimwemwe uko, amaweta nkhuku. Mwezi wathawu anabwera pano kudzadandaula za mawondo. Zaka sikisi mukumuika m'manda munthu akudya bwinobwino!" Anapukuta misozi ndi chitenje. Kenako kuseka kunatha, ndipo anayang'ananso chithunzicho. "Lighton sanawaone atate ake ali mnyamata. Anawadziwa atatopa kale. Koma Clive, mutu ngati dzungu, anangosankha wamtali poganiza kuti wamtali ndiye wa kwathu."

"Anali anthu otani, ambuya? Ine anamwalira ndili ndi zaka zitatu."

"Achimwene? Waufupi, wamakani, wosatha kuimba koma woyamba kufika ku kwaya. Mwamba atathyoka mwendo pansi, iwo ndiwo anamubereka mpaka pa chikepe. Munthu wamtali chonchija, miyendo ikukokeka pansi. Pa maliro awo Mwamba sanalankhule. Anangokhala kumbuyo, chipewa chili m'manja." Anabwezera chithunzicho m'felemu. "Pita, minibasi zingakuthere. Loweruka ndibwera ndidzaone ngati mwaika munthu woyenera."

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni Chichi anali atafika pa kashopu ka Purity. Munali mothina, masipika ataunjikidwa mpaka kudenga, koma waya aliyense anali wokulungidwa bwino, atapachikidwa pa msomali wakewake ndi kapepala konena kutalika kwake. Purity analumikiza foniyo ku kompyuta ndi waya, osafunsa za ulendo.

"Manambala?"

"4000 ndi 3000. Ndaona kale."

Purity anamwetulira pang'ono, n'kutumiza chithunzicho pa sikirini ina yaikulu imene inatsamira khoma. Anyamata awiri aja anadzaza shopu yonse. Zonse zinkaoneka: fumbi la pa nsapato, batani losoweka pa ovolosi, thukuta pamphumi. Wamfupiyo anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndi makutu otambalala amene Chichi ankawaona tsiku lililonse kuseri kwa magalasi a atate ake. Anayang'ana nkhopeyo osaphethira.

Purity anayang'ana nyali yopendekeka, kenako anayang'ana Chichi.

"Dzulo tinali ndi wamtaliyu," anatero.

"Si ambuya. Ndi mnzawo. Ali moyo, amaweta nkhuku."

Chichi anadikira kuti Purity aseke. Sanaseke. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wapeza waya umene unali wosalumikizidwa, n'kukoka mpando kuti Chichi akhale pa kompyutapo.

"Atate ako akudziwa?"

"Ayi."

"Chabwino. Ona apa." Anajambula bokosi lozungulira wamfupiyo ndi mausi. Pakona panaoneka manambala. "Tikadula chonchi titsala ndi 1700 ndi 2400. Sikirini ya mu holo ikufuna 1080 chotsika, ndiye tili ndi tokwanira n'kutsalako. Ambuya ako aoneka okha, bwinobwino, pakati pa maluwa ako. Anthu adzangoti chithunzi chawala. Amene anazolowera timabokosi sadzadziwa kuti munthu wasintha."

"Dzanja ili la paphewa pawo?"

"Ndi la mnzawoyo. Maluwa akhoza kuliphimba."

Chichi anaganiza za atate ake atakhala kutsogolo Loweruka, atavala suti yawo yakuda, abale ochokera ku Chipata ndi ku Lusaka ali kumbuyo kwawo. Anaganiza za anti Jenala ndi msozi wawo, ndi za Clive, ndi za nyali yopendekeka imene aliyense pa gulu la banja ankaidziwa ngati dzina lake lomwe. Chithunzi chonse chikanaonekera, panalibe amene akanalephera kuona kuti zaka zonsezi ankalirira munthu wolakwika.

"Mukanakhala inu mukanatani, ba Purity?"

"Ine ndimaonetsa chimene ndapatsidwa, bola chioneke bwino," anatero Purity. "Ntchito anakupatsa ndiwe. Manambala wawaona. Ukatha undiitane."

Anatuluka panja kukathandiza kasitomala amene ankafuna sipika ya pa chinkhoswe. Chichi anamumva akufunsa mwamunayo kuti chipindacho n'chachikulu bwanji ndipo mudzakhala anthu angati, mwamunayo n'kumayankha kuti iye akungofuna yaikulu kwambiri. Purity anafunsanso funso lomwelo, modekha, mpaka mwamunayo anayamba kuwerenga alendo ndi zala.

Pa sikirini bokosi lija linali likadali pomwepo, mzere wake utadutsa pakati pa anyamata awiriwo n'kudula mkono wa Mwamba pachigongono. Chichi anagwira mausi. Anakulitsa nkhope ya ambuya ake mpaka inadzaza sikirini yonse, ndipo maso aja anakhalabe maso. Anaibwezanso.

Purity atalowa anapukuta manja pa jinzi n'kuwerama kuti aone.

"Tidule pati?"

"Musadule," anatero Chichi. "Aoneke onse awiri. Ndipo maluwawo tichotse."