Mbale Zitatu za Nelia

Tsiku lomaliza limene tinakhala pamodzi mwamtendere linali Loweruka lina mu Okutobala 1956. Tinali pamphasa kwathu kufupi ndi Sinda, tikusenda nsawa za mbewu. Atate, a Abraham Banda, mkulu wa mpingo, ankasankha njere zonenepa zokhazokha, amayi nkumathira mumtsuko waukulu. Mlongo wanga Nelia, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ankaimba nyimbo ya m'tchalitchi chapansipansi, ife nkumavomera. Mtsuko utadzaza, atate anaumata pakamwa ndi dothi. Kwathu mtsuko wa mbewu sutsegulidwa mpaka mvula yobzalira itagwa, ngakhale njala ivute chotani.

Sabata yotsatira kunabwera Gibson, mnyamata wa mudzi woyandikana nafe, amene ankagwira ntchito m'hotela ku Elizabeti, ku Kongo. Anabwera ndi galamafoni ndi bokosi la mbale za nyimbo, nakhazikika pakhonde la sitolo m'mbali mwa msewu waukulu. Mbale zambiri zinali za mayi wina woimba m'Chifalansa. Panalibe amene ankamva mawu ake, koma Nelia akatumidwa mchere ankabwerako dzuwa litapendeka. Pasanathe masabata awiri anali ataloweza nyimbo zonsezo, mpaka malo amene mayiyo ankapumira.

"Mawu ngati amenewa nkumaimbira nkhuku za atate ako?" anatero Gibson. "Ku Elizabeti kuli Mzungu amene amaika mawu a anthu m'mbale. Uimba kamodzi, dziko lonse nkumakumva iwe uli khale."

Amayi anamuchenjeza Nelia kangapo. Tsiku lina anamufunsa kuti, "Nyimbo yosaidziwa tanthauzo, ukudziwa bwanji kuti sukutukwana amako?" Nelia anangoseka.

Ine ndinali mphunzitsi ku Katete, ndipo ndinkabwera kwathu Loweruka. Ulendo wina ndinaona kuti dothi la pakamwa pa mtsuko uja linali laliwisi, ndipo zala zimene zinalimata zinali zazing'ono. Ndinamuitanira Nelia kuseri kwa nkhokwe. Sanakane. Anati Gibson wagulitsa nsawazo kuti apeze yokwerera.

"Achimwene, musanene. Ndibweza mvula isanagwe."

Sindinauze munthu. Ndinkaopa kumuona ataimikidwa pamaso pa akulu a mpingo.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala. Atate anaswa dothi lija mmawa, mizere ili yokonzeka kale. Pamwamba panali nsawa zodzaza dzanja limodzi. Pansi ponse panali makoko ndi mchenga. Anaitana Nelia, koma iye anali atakwera kale lole yopita ku Lusaka pamodzi ndi Gibson. Atate sanakweze mawu.

"Woba chimanga waba chakudya," anatero. "Woba mbewu waba chaka."

Lamulungu lotsatira anatula pansi udindo wawo mumpingo. Amayi sanayankhulepo kanthu za nsawa. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuona mwana wawo asanamwalire. Akamva lole ikuima kumsewu ankasiya khasu.

Mbale yoyamba inafika kusukulu kwanga mu 1958, yokulungidwa m'nyuzipepala. Pakati pake panalembedwa dzina lachilendo, Nelly Rosa, koma nditaiika pa galamafoni ya mnzanga ndinadziwa mawuwo singano itangotera. Anali oyera ngati kale. Kakalata kake kanati akuimba m'mahotela ndipo anthu akumuombera m'manja. Za mtsuko sanatchule.

Yachiwiri inabwera chaka chotsatira, m'chikwama cha pepala chokhala ndi chithunzi chake, mapewa ali pamtunda, tambula ili m'manja. Ndinapita nayo panjinga ku Vubwi, kwa wansembe wina wokalamba amene Chifalansa chinali chiyankhulo chake, ngakhale sitinali a mpingo wake. Anamvetsera mbali imodzi yokha, nanyamula singano. Anati mtsikanayo amaimba bwino ndithu, ndipo akukhulupirira kuti sadziwa zimene amuphunzitsa kunena. Kumasulira anakana.

Yachitatu inafika mu 1961 popanda kalata. Mawu anali atasasa, ndipo nyimbo ya mbali yachiwiri inaimbidwa ndi mkazi wina.

Chaka chomwecho amayi anayamba kudwala chifuwa. Anandiuza kuti ndimulembere Nelia abwere. Ndinalemba makalata atatu ku nyumba yojambulira nyimbo imene adiresi yake inali pa mbalezo, koma pa envulopu ndinkalemba Nelia Banda. Dzina la pambale ndinkachita nalo manyazi, chifukwa wa positi ku Katete anali kholo la mwana wa m'kalasi mwanga. Makalata onse atatu anabwerera. Kumeneko kunalibe womudziwa Nelia Banda. Pa kalata yachinayi ndinalemba Nelly Rosa, ndipo inamupeza. Koma amayi tinali titawaika kale masabata asanu.

Nelia anafika mu Julayi 1962, ataonda kwambiri, mowa utamuwononga. Gibson anali atamusiya zaka ziwiri zapitazo, natenga woimba wina. Mzungu wojambula nyimbo uja anali atangotseka nyumba yake ndi kubwerera kwawo chifukwa cha zipolowe za ku Kongo. Nelia anagwada patali ndi khonde, osayerekeza kukwera.

"Atate, ndinaba mbewu yanu."

 Atate anamuuza kuti adzuke, akamuonetse pamene agona amake. Anapita awiriwiri. Zimene anakambirana kumeneko sindizidziwa.

Nelia anasiya mowa movutika, nabwerera mumpingo, koma thupi linali litatha kale. Anamwalira mu Marichi 1963, chimanga chikukhwima.

Ndalemba izi chifukwa cha inu ana a sukulu, amene tsopano mumathamangira paliponse pamene galamafoni yalira. Kuimba si tchimo. Nelia anapatsidwa mawu aja ndi Mulungu. Koma musatsate munthu amene ayamba ndi kukuyamikirani, namaliza ndi kukutumani kukaba m'nyumba ya makolo anu. Chimene mwachiyamba ndi kuba sichidzakubwezerani zimene mwataya. Ndipo inu akulu, mukaona m'bale wanu akulakwa, nenani tsiku lomwelo. Manyazi a tsiku limodzi pamaso pa mpingo akanamusunga Nelia pakhomo. Ine ndinaopa manyazi kawiri, ndipo amayi anapita osamuona mwana wawo.

Maliro atatha, ine ndi atate tinatsegula sutikesi imene anabwera nayo. Munali madiresi awiri, mapepala a Chifalansa, ndi tinsapato ta mwana wa zaka ngati zitatu, totha kuzidendene. Za mwana Nelia anali asanandiuzepo.