Amene Anagwedeza Chiwongolero

Makaniko uja anthu ankangowatchula kuti a Ndamanga, chifukwa akamaliza galimoto iliyonse ankaimenya pabonati n'kunena kuti, "Ndamanga, pitani." Ntchito ankaidziwa ndithu. Vuto lawo linali limodzi: sankafuna munthu wina pafupi akamagwira. Ankati anthu awiri pagalimoto imodzi amangosokonezana. Choncho galaja yonse, kuyambira tsache mpaka jeke, inali m'manja mwawo okha.

Madzulo amenewo padzenje lokonzerapo galimoto panali kaminibasi ka alongo awo, kamene kankanyamula ana khumi ndi anayi kupita nawo kusukulu ya kuseri kwa phiri. Mmodzi mwa anawo anali wa a Ndamanga omwewo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kokonda mpando wakutsogolo. Kwa milungu itatu chiwongolero chinkagogoda. Ukakhota, gu. Ukaponda kabampu, gu. Ndiponso chinali chitakhwepa: unkachipotoza mpata wa zala zitatu matayala asanamve kanthu.

Kawiri konse a Ndamanga anali atamenya pabonati. Ulendo woyamba anasintha matayirodi, zitsulo zokhotetsa matayala, wachiwiri mabushi, timphira ta pokumana zitsulo. Kawiri konse galimoto inabwerera ikugogodabe.

"Achimwene, ndidzaitenga mawa m'mamawa," anatero alongo awo powasiyira makiyi. "Msewu uja mukuudziwa, wotsetsereka, makhotakhota okhaokha. Ngati yakukanikani ingonenani. Si manyazi."

"Yandikanika ine? Pitani mukagone, achemwali."

Anayankha motumbwa, koma mawuwo anawalasa. Anatseka geti, n'kuika loko cham'kati kuti anzawo a macheza asawasokoneze. Anakweza galimoto pajeke mbali zonse ziwiri. Anagwira tayala, kuligwedeza uku ndi uku, kenako m'mwamba ndi pansi. Linali nganganga. Linalo chimodzimodzi. Anapotoza chiwongolero mpaka kumapeto, chinangoyenda myaa, osamveka ngakhale kakuti tche.

Chisisira chitagwa magetsi anathima. A Ndamanga anatukwana chamumtima, kuluma tochi, n'kutsikira m'dzenje. Anaunika paliponse. Zonse zinali zoyera, zomangika, zatsopano. Mumtima anayamba kudziuza kuti mwina alongo awo amangokokomeza, mawa angoipereka basi.

Apo m'pamene anaona mapazi. Anaima m'mphepete mwa dzenje, mu nsapato zakale za ntchito, zomangidwa ndi waya wa magetsi m'malo mwa zingwe. Panja pa galaja panali miyala yoswaswa ya kwale, yoti ngakhale galu akamadutsa umamumva. Iwo sanamve kanthu.

"Odi, amisiri."

Mawu anali a munthu wachikulire, odekha. Alonda a pagalajapo anali ndi kiyi wawo, ndipo nthawi zina akadwala ankatuma akulu awo. A Ndamanga anaganiza kuti ndi amenewo.

"Lowani, madala. Mpando uli pakhomo apo."

"Itsitseni pajeke."

"Mwati bwanji?"

"Galimoto ikalenjekeka siinena pamene ikumva kuwawa. Iponde pansi, isenze thupi lake."

Munthu wina aliyense akanamva zakumva tsiku limenelo. Koma mkuluyo analankhula ngati akunena za nyengo, mopanda kudzionetsera, ndipo a Ndamanga anangopezeka atuluka m'dzenje. Mlendoyo anali ataima kuseri kwa galimoto. Kudzera m'magalasi ankangooneka mapewa ndi chipewa. Atayesa kumuunika, iye anati, "Tochiyo ndi ya galimoto, si ya nkhope yanga."

Matayala ataponda pansi, a Ndamanga anabwerera m'dzenje. Anamva chitseko cha dalaivala chikutseguka, n'kutsekeka.

"Zimitsani tochi. Maso akunamizani kawiri kale. Gwirani ndi dzanja."

Anazimitsa. Funso loti mkuluyu wadziwa bwanji za kawiriko linabwera, koma analimeza.

Chiwongolero chinayamba kugwedezeka. Kumanja, kumanzere. Kumanja, kumanzere. A Ndamanga anali asanaonepo dzanja lotere. Silinkapyola, silinkaperewera. Linkafika penipeni pamene matayala afuna kuyamba kusuntha, n'kubwerera. Ndipo mumdimamo phokoso lija linatulukira. Gu. Gu. Gu.

"Yambirani kutayala. Pamenepo?"

"Palibe."

"Sunthirani m'kati. Musafinye, ingokhudzani."

"Palibenso."

"Mbali inayo."

Anayenda ndi zala chitsulo ndi chitsulo, pokumana paliponse. M'dzenjemo munayamba kuzizira, kuzizira kolowa m'mafupa, pamene tsiku lonse kunatentha. Chiwongolero sichinaphonye ngakhale kamodzi.

"Tsopano kwerani. Tsatirani chitsulo chotsika kuchokera kuchiwongolero, mpaka pamene chagwirana ndi zapansizo."

Analowetsa mkono mpaka m'phewa, kuseri kwa mapaipi, malo oti maso safikako. Zala zinapeza kajointi kakang'ono kolumikiza zitsulozo. Gu. Ulendo uno sanangomva ndi makutu. Kanawamenya m'chikhatho.

Anayatsa tochi. Bawuti lopana kajointiko linali litakhwepa. Nati yake anaigwira ndi zala ziwiri, kuipotoza kamodzi ndi theka, n'kugwera m'manja. Bawutilo atalisolola linali litadyeka mpaka pakati, lang'aa ngati supuni yakale. Matayala ali m'malere panalibe cholimbana nacho, n'chifukwa chake linkakhala phee. Likanangothyoka pamsewu, chiwongolero chikanazungulira chokha m'manja mwa alongo awo, matayala n'kupita kwawo.

Anakhala pansi m'dzenje momwemo, pamafuta, akuona mumtima khota lachitatu la msewu wa kuphiri uja, lopanda chotchinga, ndi kamtsikana kawo pampando wakutsogolo. Anachita mantha kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wawo, ndipo manyazi anabwera pambuyo pake.

"Mangani," anatero mawu aja pamwamba. "Ndakugwirirani."

Anapapasa m'kabokosi ka m'mbali mwa dzenje, kupeza bawuti latsopano ndi nati yosamasuka yokha. Chiwongolero chinaima nji, kajointi katayang'ana bwinobwino kumene sipanala ikanalowera. Sanapemphe zimenezo, mkuluyo anangodziwa. Atamanga, chinagwedezekanso. Kumanja, kumanzere. Matayala anayankha nthawi yomweyo, ndipo kunali zii.

"Madala, inu si alonda wamba," anatero a Ndamanga akukwera masitepe. "Munaphunzira kuti? Ndikufuna muzibwera."

Pampando panalibe munthu. Anaunika m'mbuyo, pansi pa mipando, kuseri kwa matayala akale. Geti linali chitsekere, loko ali cham'kati monga anamusiyira. Ali chiimire choncho anakumbukira chinthu chimene makaniko sayenera kuphonya. Munthu akakwera kaminibasi kameneka, masipuling'i ake otopa amalira, galimoto n'kutsika pang'ono. Iwo anali pansi pake penipeni. Sinatsike.

Patapita kanthawi alonda anagogoda pageti, akudandaula kuti loko ali m'kati alowa bwanji. Sanatume munthu aliyense.

M'mawa a Ndamanga anaika bawuti lija m'manja mwa alongo awo. "Linandikanika, achemwali. Wina anandithandiza." Mayiwo analitembenuza, kuona podyekapo, n'kukhala pansi patayala lakale. Kenako anapita kukanyamula ana.

Nkhani siichedwa mumsewu wa pagalajapo. Pofika nthawi ya tiyi, awotcherera ndi okonza nsapato anali akunong'onezana kale. Amene anafotokoza bwino ndi mayi ogulitsa tiyi moyang'anizana ndi galaja, amene akhala pamenepo zaka zambiri kuposa wina aliyense.

"Malowa anali a mkulu wina, katswiri woti galimoto ankaimva ili kutali," anawauza a Ndamanga motsitsa mawu. "Tsiku lina anatulutsa lole mofulumira, chiwongolero chikugogoda. Woyendetsa anali mwana wake, ndipo sanabwerere wamoyo. Mkuluyo anagwirabe ntchito mpaka imfa, koma sanasekenso. Inu ndinu wachiwiri kumuona."

"Woyamba ndani?"

"Amene ankachita lendi inu musanabwere. Iyeyo anamuyesa woledzera, anamuthamangitsa ndi sipanala."

"Ndiye zinatha bwanji?"

Mayiwo anayang'ana kuphiri, n'kupitiriza kutsuka makapu.

Tsiku limenelo a Ndamanga sanagwire galimoto iliyonse. Anakhala pageti kuyang'ana kumsewu mpaka masana, pamene kaminibasi kanatulukira pakona. Alongo awo anaima, mwina pofuna kuti mchimwene wawoyo aone yekha. Anayandikira pawindo n'kuyamba kuwerenga mitu. Khumi ndi inayi. Anawerenganso kachiwiri, ana akuwaseka kuti aiwala masamu.