Lowani Mupume

Lachisanu pa 14 Juni 2019, Alexio Kalebe, mphunzitsi wa zaka 31 wa ku Nachisaka, anatsala pang'ono kufera m'galimoto yake pa kamlatho kena m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Galimotoyo sinagunde kanthu. Inali itaima, injini ikulira bwinobwino.

Tsikulo ananyamuka ku Salima mochedwa, nthawi itakwana hafu faifi madzulo. Galimoto yake yakaleyo inakhala sabata zitatu pa galaja ina kumeneko. Anaiikitsa kabuleta yaikulu, chida chosakaniza mafuta ndi mpweya, yoti izimwa mafuta ambiri ndi kuthamanga. Anadulitsanso ekizozi kuti izibangula, moti paipi yotulutsa utsi inkathera pansi penipeni pa mpando wa dalaivala. Chitsulo cha pansipo chinali ndi mabowo awiri a dzimbiri, amene iye anangophimba ndi chiguduli.

Kuchigwa inathamanga. Itayamba kukwera mapiri inayamba kutsokomola. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, ndipo injini yochunidwa ku Salima imalandira mafuta ochuluka kuposa mpweya ikafika ku Dowa. Alexio izi sankazidziwa. Ankangoona kuti akachotsa phazi pa moto injini ikufuna kuzima. Cha m'ma seveni koloko, atatsika pa kamlatho ka msewu wafumbi, pafupi ndi chigafa cha njerwa chopanda denga, inazimiratu.

Kunali chifunga ndi kuzizira kwa mu Juni. Foni inalibe netiweki. Anatsegula boneti, kuluma foniyo m'kamwa kuti imuwunikire, n'kuyamba kupotokola sikuluu iliyonse imene anaiona pa kabuleta. Analiza kasanu. Kasanu konse injini inangofwenthera n'kuzima. Fungo la petulo wosapsa linadzaza pamalopo.

"Mwayambira kolakwika, achimwene."

Munthuyo anali ataima kuseri kwa boneti. Alexio sanamve mapazi ake. Anali bambo wamfupi, atavala ovolosi yolimba ndi girizi wakale. Nkhope yake inali yotupa, milomo yofiira ngati nyama yaiwisi. Ankanunkha. Silinali thukuta, sunali mowa. Linali fungo la chipinda chimene chakhala chotseka masiku ambiri muli chinthu chakufa.

"Ndinu amakaniko, bambo?"

"Mukupotokola sikuluu ya liwiro. Matenda ali pa sikuluu ya mafuta. Patseni sipanala."

Bamboyo anamasula pulagi imodzi. Inali yakuda bii ndi mwaye, yonyowa. Anaiyang'ana, kenaka anaiika m'kamwa n'kuiyamwa monga mwana ayamwira nzimbe. Malovu akuda anayenderera pachibwano.

"Yakhuta," anatero. "Mafuta ambiri, mpweya wochepa. Sikupuma."

Alexio anayang'ana kumbali pamene bamboyo ankayamwa mapulagi onse anayi, imodziimodzi, n'kuwabwezera. Kwawo kunali makilomita khumi ndi awiri, ndipo munthu amene akukukonzera galimoto mumdima sumufunsa za ukhondo.

"Lizani. Gwirani moto mpaka itenthe. Injini yozizira imanama."

Inalira. Patapita mphindi zisanu bamboyo anati achotse phazi. Anaika sikuludalaiva pa sikuluu ya mafuta, khutu atapendeketsa, n'kumalowetsa pang'onopang'ono. Kulira kunakwera. Analowetsabe mpaka injini inapunthwa ngati ikuzima, pomwepo anabweza theka la mzungulo. Kenaka anapita pa sikuluu ya liwiro n'kutsitsa. Kubangula kunatha. Injini inayamba kulira mofatsa, mosadukiza. Ntchitoyo inali yolondola. Palibe makaniko amene akanaitsutsa.

Ndiye bamboyo anagona chagada m'fumbi n'kulowa pansi pa galimoto.

Alexio anawerama ndi tochi ya pa foni. Anaona milomo yofiira ija itavindikira paipi ya ekizozi, paipi yotentha. Kunamveka kuti tswii... ngati mafuta a nkhumba pa makala. Bamboyo ankakoka utsi. Ankakoka. Ankakokabe. Sunkatuluka paliponse.

Anatuluka akunyambita milomo. Kachikopa kanatsala pa paipi.

"Zikomo, bambo. Ndipite tsopano."

"Ayi. Ikhale ikulira mphindi makumi awiri, mapulagi ayere. Mukanyamuka pano izima paphiri." Anatsegula chitseko cha dalaivala. "Kukuzizira. Lowani, tsekani mawindo, mupume."

Alexio analowa, makamaka pofuna kuthawa fungo lija. Anatseka mawindo onse. Munali mofunda. Wotchi ya pa foni inati 7:52.

7:58, mutu unayamba kugunda.

8:03, manja analemera. Tulo tinabwera tokoma. Fungo lija linali m'kati tsopano, likukwera kuchokera pansi pa mpando.

Anatembenuza maso. Nkhope yotupa ija inali itakanikiza pa galasi, mphuno itaphwatalala. Milomo inkayenda.

"Pumani..."

Apa m'pamene Alexio anamva liwulo bwino. Bamboyo sankanena zoti apumule. Ankanena zoti akoke mpweya.

Anafuna kiyi. Dzanja linakana. Anafuna chogwirira cha chitseko. Zala zinaterereka. Kachiwiri. Kachitatu. Anatsamira ndi phewa lonse...

Anagwera m'fumbi chafufumimba, n'kusanza. Anakwawa m'masanzi ake omwe mpaka kumapeto kwa mlatho. Sanacheuke.

Mayi Marita Chikhumbo, mlimi wa mtedza, anamupeza nthawi ya faifi m'mawa akupita kudimba. Anamunyamula pa ngolo ya mlamu wawo mpaka pamsewu waukulu. Ku chipatala cha Mtengowanthenga anagonako masiku awiri. Madokotala analemba kuti anapuma utsi wa galimoto.

Pa 19 Juni anapita kukatenga galimotoyo ndi bambo Paulo, makaniko wachikulire wa pa Dowa boma. Ali m'njira Alexio anafotokoza zonse. Bambo Paulo anamvetsera osadula mawu, kufikira pa za mapulagi.

"Anayamwa?"

"Onse anayi, madala."

Bambo Paulo analavula kunja kwa windo.

"Ndi Andireya ameneyo. Ndinaphunzira naye ntchito. Tinkamuthamangitsa pa chakudya chifukwa cha khalidwe limenelo, koma khutu lake linalibe mnzake. Chigafa chili pa mlathocho chinali galaja yake. Mu Julayi 2009 kunazizira kwambiri. Anatseka zitseko, kuliza galimoto ya kasitomala kuti afunde, n'kugona. Tinathyola chitseko patapita masiku anayi. Ine ndinanyamula kumiyendo. Chaka chonse sindinadye nyama."

Atafika pa mlatho anathira petulo wa m'chigubu, chifukwa thanki inali itauma. Injini inalira atangoliza kamodzi kokha. Bambo Paulo anamangirira chida choyezera liwiro la injini. Chinaonetsa 850 pa mphindi.

"Ntchito ya wakufa siyendedwa," anatero. "Ndichunanso ndekha."

Analowetsa sikuluu ya mafuta mpaka pothera, pamene injini iliyonse imazima. Chida chinati 850. Anaimasula yonse, kuichotsa, n'kuionetsa Alexio pachikhatho. Chinati 850. Anachita chimodzimodzi ndi sikuluu ya liwiro.

Anapukuta manja nthawi yaitali, natseka boneti.

Galimotoyo anaikoka ndi thirakitala. Ili kuseri kwa galaja ya bambo Paulo, mawindo onse anagulula. Amakaniko ena atatu anaiyesa, womaliza mu Okutobala 2022, ndipo anasinthiratu kabuleta yonse. Chida chake chinati 850.